Amamva Galu Akauwa, Nanga Mawu Anu Amawamva?

Makolo amene ana awo anapezeka ndi vuto la kumva akakumana n'kuyamba kucheza, nkhani zawo zimafanana pa chinthu chimodzi: mtima unali utawauza kalekale, koma anthu owazungulira ankawatsimikizira kuti mwanayo alibe vuto. Ine ndine mmodzi wa makolo amenewo. Mwana wanga wamwamuna amavala zipangizo zothandiza kumva m'makutu onse awiri. Ndikulembera mayi kapena bambo amene amayang'ana mwana wake akusewera, mumtima muli funso limene akuopa kulitchula. Kukayikira kwanuko n'kokwanira kuti mwanayo akayezedwe makutu. Palibe umboni wina woti muziudikira.

Chimene chimatisocheretsa n'chakuti timaganiza kuti anthu alipo a mitundu iwiri basi, akumva ndi osamviratu. Komatu ana ambiri amene ali ndi vutoli ali pakatikati. Wanga ankadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Galu akauwa panja ankathamangira pawindo. Ndege ikamadutsa ankaloza kumwamba. Ndiye ndikawauza amayi anga nkhawa yanga, ankandiyankha kuti, "Iwe mwanawe, akanakhala kuti samva bwenzi akuthamangira galu? Musiye mwana, anyamata amachedwa kulankhula. Nanga mchimwene wako uja analankhula liti?" Ankanena zimenezi chifukwa chondikonda, ndipo zimene ankaona zinali zoona. Galu ankamumvadi. Amene sankamufika bwino anali mawu anga.

Kukula kwa phokoso amakuyeza ndi ma decibel. Munthu akamanong'ona amakhala cha pa 30, anthu akamacheza bwinobwino amakhala cha pa 60, pamene galu wouwa pafupi kapena chitseko chomenyetsedwa zimatha kupitirira 80. Tangoganizani mwana amene khutu lake limayamba kumva phokoso likafika pa 50. Galu amumva. Njinga yamoto aimva. Koma mayi ake akamulankhula ali chipinda china, kapena atatalikirako pang'ono, mawuwo amamufika ali ofooka kwambiri, mwinanso osamufika n'komwe. Ndiponso mawu amene timatulutsa polankhula sali ofanana mphamvu. A, e, o ndi u amatuluka mwamphamvu, pamene s, f, sh ndi ts ndi ofooka komanso opyapyala, ndipo kawirikawiri ndi amene amayamba kusowa khutu likakhala ndi vuto. Choncho mwana amatha kudziwa kuti munthu akulankhula, amatha kuzindikira ngati mwakwiya kapena mukumuseketsa, amathanso kuvina nyimbo ikamalira, koma mawu enieniwo akumufika oduladula.

Mukafuna kulawako, tsekani makutu onse ndi zala, wailesi ikulira m'chipindamo, wina akulankhuleni atakufulatirani. Inuyo mutolapo zina, chifukwa chinenerocho mumachidziwa kale ndipo mawu osowawo mumadzazamo nokha. Mwana wa chaka chimodzi alibe chodzazira. Chinenerocho ndi chimene akuyesa kuchiphunzira.

Pafupifupi kholo lililonse lokayikira limayamba ndi kuyeza lokha kunyumba. Timamuzembera mwana kumbuyo, kuwomba m'manja, kumenyetsa zivundikiro za mapoto, kugwedeza makiyi. Akacheuka timausa moyo n'kuti kani ndimangodzivutitsa. Koma kuyeza kumeneku kumanama mbali zonse ziwiri. Mwana amene samva bwino amakhala watcheru ndi maso komanso thupi lonse. Amaona chithunzithunzi chanu pakhoma, kamphepo ka manja anu kamamukhudza pakhosi, amazindikira pansi pakugwedezeka mukamayandikira. Kuwomba m'manja kwenikweniko ndi phokoso lalikulu, loti ngakhale khutu lovutika ndithu limalimva. Nanga amene vuto lili khutu limodzi lokha? Ameneyo ndiye amakhoza mayeso onsewa. Kumbali inayi, mwana wakumva bwinobwino akatanganidwa ndi choseweretsa akhoza osacheuka n'komwe, inu n'kusowa tulo pachabe.

Zimene zimaulula zambiri ndi tinthu ta tsiku ndi tsiku, makamaka mawu amene mwanayo amatulutsa yekha. Anthu ambiri sadziwa kuti khanda losamviratu limalira, limaseka ndipo limachita timawu take ta aaa ndi uuu m'miyezi yoyambirira, mofanana ndi makanda ena onse. Kusiyana kumayamba kuoneka pakati pa miyezi 6 ndi 10, pamene mwana wakumva amayamba ba-ba-ba, ma-ma-ma, da-da-da, n'kumasangalala ndi mawu ake omwe. Amene sakudzimva amachedwa kufika pamenepa, kapena amangoyambako pang'ono kenako n'kumangokhala duu. Ndipo anthu amamuyamikira kuti ndi mwana wofatsa, wosavuta kulera.

Khanda la masabata ochepa limayenera kudzidzimuka kapena kuphethira pa phokoso ladzidzidzi. Likamafika miyezi 3 kapena 4 limatonthola likamva mawu a mayi ake ngakhale lisanawaone. Pa miyezi 6 limatembenuzira mutu kumene kukuchokera mawu. Mwana akamakwanitsa chaka amadziwa dzina lake, amamvetsa akauzidwa kuti "ayi" kapena "bwera", ndipo mawu oyamba amakhala atatuluka kapena ali pafupi. Pa zaka 2 ambiri amakhala akulumikiza mawu awiri. Ana amasiyana, inde, ndipo kuchedwa kulankhula kuli ndi zifukwa zambiri zimene sizikhudza makutu. Koma pa zifukwa zonsezo, makutu ndi amene savuta kuyeza, n'chifukwa chake ayenera kukhala oyamba.

Kwa wanga, chimene chinkandidya mumtima chinali kayang'anidwe kake. Ndikamalankhula, maso ake ankakakamira pakamwa panga. Ndikamuuza kuti abweretse nsapato ndili kutsogolo kwake, kwinaku ndikuloza, ankabweretsa. Ndikanena mawu omwewo ndili kumbuyo kwake, manja ali pansi, ankangopitiriza zake. Timawu tochepa timene anali nato ali ndi chaka ndi theka tinali tosamveka bwino. Ankangotulutsa a ndi o, zina zonse kulibe.

Mwina mungafunse kuti changuchi n'cha chiyani poti mwana akadali wamng'ono. Yankho lili mu ubongo. Khutu limangotola phokoso. Umene umalisandutsa chinenero ndi ubongo, ndipo ntchito imeneyi umaiphunzira msanga kwambiri. Mwana amayamba kumva akadali m'mimba, m'miyezi yomalizira, moti amabadwa akuwadziwa kale mawu a mayi ake. Zaka zitatu zoyambirira ndi pamene ubongo umagwira chinenero mosavuta. Pambuyo pake zimathekabe, koma movutikira. Mu 1998, Christine Yoshinaga-Itano ndi anzake a ku Colorado, m'dziko la America, anasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti ana amene vuto lawo linadziwika asanapitirire miyezi 6, n'kuthandizidwa, anali patsogolo kwambiri pa chinenero poyerekeza ndi amene anadziwika mochedwa. Masiku ano akatswiri amatsatira ndondomeko ya 1-3-6: khanda liyezedwe koyamba lisanapitirire mwezi umodzi, ngati pali chokayikitsa chitsimikizidwe pofika miyezi 3, ndipo thandizo liyambe pofika miyezi 6. Wanga miyezi imeneyi inali itamudutsa kale. Ngati wanunso yamudutsa, musataye mtima. Zikungotanthauza kuti ulendo wakuchipatalawo ndi wa sabata ino, osati wa chaka chamawa.

Vutoli si lachilendo ayi. Pa ana 1,000 alionse obadwa, mmodzi mpaka atatu amabadwa ndi vuto la kumva losatha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana pafupifupi 34 miliyoni ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo. Ndipo ana oposa 90 pa 100 alionse amene amabadwa osamva, makolo awo amakhala akumva bwinobwino. Mawu oti "kwathu kulibe zimenezo" sateteza mwana aliyense.

Ndinkaopa kuti kuyezako kumupweteka, kapena kuti andibweza kuti ndidzabwere naye akadzayamba kulankhula. Sizinali choncho. Mwana aliyense, ngakhale wobadwa dzulo, akhoza kuyezedwa makutu, ndipo sizipweteka.

Titafika kuchipatala, katswiri woyeza makutu anayamba ndi kusuzumira m'makutu ndi katochi, kuona ngati muli phula lotseka njira, mafinya, kapena bowo pa kanembanemba kamene kali mkati mwa khutu. Kenako anamulowetsa kalabala kofewa kamene kamapopa kamphepo pang'ono, kuti aone ngati kanembanembako kakugwedezeka bwino. Kuyeza kumeneku amakutcha tympanometry, ndipo kumangotenga masekondi ochepa. Kwa mwana wanga sikankasuntha. Kuseri kwake kunali madzi.

Madzi amenewa ndiye chifukwa chofala kwambiri chimene ana aang'ono amavutikira kumva. Pali kanjira kochokera mkati mwa khutu kupita kuseri kwa mphuno, kamene kamalowetsa mpweya ndi kutulutsa madzi. Mwa ana kanjiraka n'kakafupi, kopapatiza ndiponso kogona, ndiye chimfine chikabwera kamatsekeka, madzi n'kudzaza. Nthawi zambiri sipakhala ululu kapena kutentha thupi. Mwana amangomva mochepa, lero bwino mawa ayi, n'chifukwa chake makolo amati amasankha zoti amve. Chimandipweteka mtima ndikaganiza za ana amene amakula osayezedwa, n'kumatchedwa amwano kapena amakani, kusukulu n'kumaoneka ngati mbuli, ena mpaka kukwapulidwa chifukwa sanayankhe ataitanidwa. Kwa ana ambiri madziwo amauma okha pasanathe miyezi 3. Akakanirira m'makutu onse awiri, madokotala amatha kuika timachubu ting'onoting'ono pa kanembanemba kaja kuti mpweya uzilowa.

Tsiku limenelo mtima wanga unakhala pansi. Ndi madzi chabe, auma. Koma katswiri woyeza makutu uja anandiimitsa pakhomo n'kunena kuti, "Mayi, madziwa akauma mubwerenso. Zimene zili kuseri kwa madziwo sitinazione." Ndimamuthokoza mpaka lero chifukwa cha mawu amenewo. Mwana akhoza kukhala ndi mavuto awiri nthawi imodzi, lakanthawi pamwamba pa losatha, ndipo loyambalo limabisa linzakelo.

Titabwerera madzi atauma, anamuyeza ndi makina a OAE. Mkatikati mwa khutu muli kachiwalo kopindana ngati chigoba cha nkhono, kotchedwa cochlea. M'menemo muli timaselo tambirimbiri tokhala ndi tiubweya, timene timasandutsa phokoso kukhala uthenga wopita ku ubongo. Mu 1978, katswiri wina wa ku London dzina lake David Kemp anatulukira kuti khutu labwino likalandira phokoso, nalonso limabweza kaphokoso kake kochepetsetsa, koti kamaikolofoni kakang'ono kangathe kukatola. Makinawa amamvetsera kaphokoso kameneko. Mwana sachita chilichonse, amangofunika kukhala chete kapena kugona. Ndi makina omwewa amene amayezera makanda obadwa kumene m'zipatala zambiri. Khanda likalephera ulendo woyamba sindiye kuti lili ndi vuto, chifukwa m'khutu mumatha kukhala mudakali timadzi tobadwa nato. Chofunika n'kubwereranso pa tsiku limene akuuzani, osalitaya. Kwa mwana wanga, makutu onse awiri sanabweze kanthu.

Chotsatira chinali ABR, kuyeza kumene kumalondola uthengawo kuchoka m'khutu, kudutsa mu mtsempha wa kumva, mpaka kutsinde kwa ubongo. Amamata tiwaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu, n'kuyamba kuliza timaphokoso khutu limodzilimodzi, akuchepetsa mphamvu yake pang'onopang'ono mpaka kompyuta itasiya kuonetsa kuti mtsempha ukuyankha. Mwana amayenera kukhala ali m'tulo. Khanda la miyezi yochepa limagona lokha likayamwa, pamene wamkulupo nthawi zambiri amafunika mankhwala ogonetsa. Chimenechi ndi chifukwa chinanso choyezetsera msanga. ABR imagwiranso vuto lina limene OAE imaliphonya, pamene cochlea ikuyankha bwino koma uthenga sukudutsa moyenera mu mtsempha. N'chifukwa chake makanda amene anagonekedwa nthawi yaitali m'chipinda cha makanda odwalika amayenera kuyezedwa ndi ABR.

Palinso kuyeza kokhala ngati masewera. Kuyambira pa miyezi 6, mwana amakhala pamiyendo pa kholo m'chipinda chosalowa phokoso, ndipo akacheukira kumene kwalira mawu, chidole chimayaka n'kuyamba kuvina. Akafika zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu, amamuphunzitsa kuponya kanthu m'bokosi nthawi iliyonse akamva kulira. Zotsatira zake amazijambula pa pepala lotchedwa audiogram, limene limasonyeza khutu lililonse palokha. Pemphani pepala lanu loti musunge, ndipo musachoke asanakufotokozereni mpaka mutamvetsa.

La mwana wanga linasonyeza vuto lapakatikati m'makutu onse awiri, la mu cochlea, losatha. Timaselo ta tiubweya tija tikawonongeka sitimeranso. Ndinalira, ndisaname. Koma m'kulira komweko munali kupepukidwa kumene sindinkakuyembekezera. Ndinali nditadziwa chimene ndikulimbana nacho, ndipo ndinadziwa kuti mwana wanga sankandinyalanyaza.

Funso limene limabwera usiku ndi loti, chachititsa n'chiyani? Mayi amayamba kukumbukira chilichonse chimene anamwa ali woyembekezera, achibale amayamba kufufuza kuti vutoli lachokera kuchimuna kapena kuchikazi, ndipo m'mabanja ena kulozana zala kumayambira pamenepa. Kwa theka kapena kuposerapo la ana obadwa ndi vutoli, gwero lake ndi ma gene, tinthu ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo ake, ndipo kawirikawiri makolo onse awiri amakhala akumva bwino, aliyense atanyamula gene imene sankadziwa kuti ali nayo. Palibe wolakwa pamenepa. Kwa ena chimakhala kachilombo kotchedwa CMV, kamene mayi amatha kukatenga ali woyembekezera popanda kudwala n'komwe. Kameneka n'kovuta chifukwa mwana akhoza kubadwa akumva, vuto n'kudzayamba pambuyo pake. Rubella (matenda ofananako ndi chikuku) ndi chindoko pa nthawi ya pakati, kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, chikasu chachikulu m'masiku oyamba, chikuku, matsagwidi, zonsezi zimatha kuwononga khutu. Chimodzimodzinso mankhwala ena amphamvu monga gentamicin, amene nthawi zambiri amakhala kuti ndi omwe apulumutsa moyo wa mwanayo. Kwa ana ena chifukwa chake sichipezeka n'komwe. WHO imati pafupifupi 60 pa 100 alionse a mavuto a kumva mwa ana amachokera ku zinthu zopeweka. Chiwerengero chimenechi ine ndimachiona kuti chikulankhula za katemera, chisamaliro cha amayi oyembekezera ndi kuchiza makutu msanga. Si chikwapu chokwapulira mayi amene akulira kale.

Pali zinthu ziwiri zosafunika kuzengereza ngakhale pang'ono. Mwana akachira matenda oumitsa khosi, ayezedwe makutu pasanathe milungu yochepa, ngakhale akuoneka kuti akumva, chifukwa matendawa amatha kuchititsa kuti mkati mwa cochlea muyambe kumera fupa, ndipo zikatero thandizo lina limavuta. Chinacho ndi khutu lotuluka mafinya. Anthu ena amalizolowera, kumangopukuta basi. Mafinya obwerabwera nthawi zambiri amatanthauza kuti kanembanemba kaja kabooka, ndipo akalekereredwa amapitiriza kuwononga mkati. Musathiremo mafuta kapena chilichonse chimene sanakupatseni kuchipatala, ndipo musatokosemo.

Atavala zipangizo zija sikuti mawa lake anayamba kulankhula. Masiku oyamba ankazizula n'kuziponya pansi, ife n'kumatola, kumuvekanso, iye n'kuzulanso. Zipangizo sizibwezera khutu mwakale. Zimangokuza mawu mogwirizana ndi audiogram ya mwanayo, ndipo ntchito yaikulu imatsalira ife apakhomo: kulankhula naye tili pafupi nkhope ikuoneka, kuzimitsa wailesi ndi TV tikamacheza, kutchula dzina la chilichonse chimene wagwira, kuimba naye, kumuwerengera mabuku. Kukuwa sikuthandiza, kumangopotoza mawu. Ngakhale khanda la milungu yochepa likhoza kuvala zipangizozi, kungoti kachidutswa kolowa m'khutu kamafunika kusinthidwa pafupipafupi poti khutu likukula. Kwa ana amene vuto lawo ndi lalikulu kwambiri moti zipangizo sizikwanira, pali opaleshoni yoika cochlear implant, kachipangizo kamene kamatumiza uthenga molunjika ku mtsempha wa kumva.

Pa nkhani ya chinenero chamanja ndili ndi maganizo olimba. Anthu ena anandichenjeza kuti ndikamuphunzitsa manja achita ulesi, salankhulanso. Mantha amenewa alibe maziko. Chinenero chamanja ndi chinenero chenicheni, chokhala ndi malamulo ake, nthabwala zake ndi ndakatulo zake. Chimene chimavulaza mwana ndi kukhala zaka zoyambirira wopanda chinenero chilichonse, osatha kufunsa, osatha kudandaula, osadziwa chifukwa chake anthu akuseka. Wanga atangopeza njira yonenera kuti akufuna madzi, kuti wapweteka, kuti akufuna bambo ake, kupsa mtima ndi kudzigwetsa pansi kuja kunachepa, ndipo mawu apakamwa anayamba kubwera limodzi ndi manjawo. Ndinapezanso nzeru zambiri kwa akuluakulu osamva amene ndinakumana nawo, anthu a ntchito zawo, mabanja awo ndi ana awo. Madokotala anandifotokozera za khutu, koma amene anandichotsa mantha a tsogolo la mwana wanga ndi iwowo.

Mukapita kuchipatala musangonena kuti mwana sakulankhula. Nenani zimene mwaona: sacheuka mukamuitana chakumbuyo, anasiya ba-ba-ba, amakudikirani kuti muloze, amakonda kutchera khutu limodzi, amakweza kwambiri TV. Nenaninso ngati anabadwa masiku asanakwane, anadwala chikasu kapena matenda oumitsa khosi, kapena ngati pachibale pali wina amene samva kuyambira ali mwana. Wachipatala akangowomba m'manja kumbuyo kwa mwanayo n'kukuuzani kuti ali bwino, muthokozeni mwaulemu, koma pemphani kalata yopita kwa katswiri amene ali ndi makina. Akakuuzani kuti mudikire, funsani kuti mpaka liti, ndipo tsikulo alilembe.

Mlongo wake wa mwana wangayu atabadwa ndinapempha kuti ayezedwe tisanatuluke m'chipatala. Makutu onse awiri anayankha bwino. Komabe, popeza m'banjamu muli kale wina wa vutoli, katswiri anatiuza kuti tizimuyezetsabe nthawi ndi nthawi mpaka atayamba sukulu, chifukwa mavuto ena a kumva amayamba mochedwa. Mchimwene wakeyo nayenso amayezedwa pafupipafupi, kuti aone ngati vutolo likukula komanso kuti asinthe zipangizo zake. Masiku ano timapita nawo onse awiri tsiku limodzi.